Mizati ya mashelefu a mapaleti ikamangopindika pamalo omwewo

Mwezi watha munasintha mzati wakutsogolo pakona ya kanjira kachitatu. Lero m'mawa mukudutsa, mwapeza mzati watsopano uja watifukanso cha m'munsi, penti yasupuka, ndipo palibe akudziwa kuti zachitika liti. Wa shifiti ya usiku akuti anaupeza uli choncho, wa masana akuti iye sanadutseko n'komwe. Aliyense amene anayang'anirapo nyumba yosungiramo katundu yokhala ndi mashelefu aataliatali a mapaleti (mathandala amatabwa osanjikapo katundu) anakumana nazo zimenezi.

Ambiri akaona zotere amathamangira kugula mzati wina, n'kukalipira madalaivala onse pamodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Pakapita masabata angapo, mzati wapindikanso. Kusintha mzati n'koyenera ndithu, koma mzatiwo ndi mboni chabe ya vuto limene lili kwina: kanjira kothina, mapaleti osagwirizana ndi mashelefu, phuma la ntchito, kapena mantha a anthu amene amagunda n'kubisa. Mukapanda kupeza chimene chikutumiza forklift, makina onyamulira mapaleti, pa mzati umenewo, mudzingogula zitsulo chaka ndi chaka.

Kachilema kakang'ono kamaopsa bwanji?

Mzati wa shelefu ya mapaleti umaoneka wadzitho, koma chitsulo chake n'chopyapyala, kawirikawiri mamilimita 2 kapena 3 basi. Mphamvu yake ili m'mapindidwe amene anaupatsa kufakitale komanso m'kuwongoka kwake. Imikani chitini chopanda kanthu, muchipanikize pang'onopang'ono kuchokera pamwamba: chimapirira. Chikangotifuka pang'ono m'mbali, mukachipanikizanso chimaphwanyika nthawi yomweyo. Mzati nawo uli chimodzimodzi. Ukakhala wowongoka, kulemera konse kumatsika molunjika mpaka pansi. Ukapindika, kulemerako kumayamba kuukankhira cham'mbali pamalo opindikawo. Tsono ganizirani kuti chimene chimaugunda ndi makina olemera. Forklift yonyamula matani awiri ndi theka imalemera pafupifupi matani anayi isananyamule kanthu.

Choopsa china n'chakuti mashelefu amenewa ndi olumikizana. Mzati umodzi ukagonja, mitanda yokoledwa pa iwo, zitsulo zogona zimene mapaleti amakhalapo, imakoka mizati yoyandikana nayo, mzere wonse n'kugwa m'masekondi ochepa, nthawi zina n'kugwetsanso mzere wa kuseri. Munthu amene ali m'kanjira sapeza pothawira. N'chifukwa chake mawu akuti "wakhala choncho chaka chonse koma sunagwe" ine sindiwalola. Sunagwe chifukwa tsiku limene mashelefu onse adzadzaze ndi katundu wolemera, wina n'kuukhudzanso pang'ono, silinafike.

Yezani, musamangoyang'ana

Maso amanama, makamaka m'kanjira kamdima. Pezani rula yachitsulo yowongoka bwino, yotalika mita imodzi, ndi karula kakang'ono ka mamilimita. Gonekani rula yaitaliyo pa mzati, mbali imene yalowa m'kati, malo opindikawo akhale pakati pa rula. Kenako yezani mpata waukulu umene watsala pakati pa rula ndi chitsulo.

Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 15635, umene umanena za kagwiritsidwe ntchito ndi kasamalidwe ka mashelefu achitsulo, pamodzi ndi malangizo a bungwe la SEMA la ku Britain, amapereka malire omveka bwino. Mzati ukapindikira m'kati mwa shelefu, kulowera kwa mnzake wakumbuyo, kapena kunja cha kukanjira, mpata usapitirire mamilimita 3. Ukapindikira cham'mbali, kumene mitanda yaloza, usapitirire mamilimita 5. Tizitsulo topingasa timene timalumikiza mzati wakutsogolo ndi wakumbuyo tisapitirire mamilimita 10 pa mita imodzi. Malire amenewa ndi a chitsulo chimene changokhota. Ngati chang'ambika, chasweka, kapena chafinyika pamalo amodzi, palibenso zoyeza, chiyenera kuchoka.

Zimene mwapezazo amazigawa ndi mitundu itatu. Chilema chimene sichinapyole malire ndi chobiriwira: mumachilemba m'buku n'kumachiyang'anira. Chimene chapyola malire koma sichinafike kuwirikiza kawiri ndi chachikasu: katundu akatsika pamalopo musakwezeponso wina mpaka mutakonza, ndipo masabata anayi akatha musanakonze, chimasanduka chofiira. Chofiira ndi chimene chafika kuwirikiza malire kawiri kapena kuposa. Pamenepo mumatsitsa katundu nthawi yomweyo n'kutseka malowo.

Potsitsa, kumbukirani kuti mzati umodzi umasenza zipinda ziwiri (chipinda ndi malo a mapaleti a pakati pa mzati ndi mzati), cha kumanja ndi cha kumanzere, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndaonapo anthu akutsitsa mapaleti a mbali imodzi yokha n'kumaganiza kuti mzati wapepukidwa. Tsitsani mbali zonse ziwiri. Ntchitoyi ipatseni dalaivala wodekha kwambiri amene muli naye, ndipo anthu oyenda pansi achoke m'kanjira kameneko ndi ka kuseri komwe. Ngati mzati wathyokeratu kapena shelefu ikuoneka kuti yayamba kupendekera, asalowemo munthu. Itanani amene anakugulitsani mashelefuwo kapena injiniya wodziwa za mashelefu.

Pali njira zachidule zimene zimakopa anthu, ndipo zonse n'zoipa. Kumangirira tcheni pa mzati n'kuukoka ndi forklift kuti uwongoke, kuumenya ndi hamala, kuutenthetsa ndi moto wa gasi, kapena kuwotchererapo chidutswa cha chitsulo. Chitsulo chimene chinapindika kale sichibwerera mphamvu yake yakale chifukwa choti mwachiwongola, ndipo moto wa kuwotcherera umasintha chitsulo chopyapyala chotere. Choipa kwambiri n'chakuti mzati umaoneka ngati wachira, anthu n'kuyambanso kuudalira. Zilipo zida zokonzera mizati zimene zinapangidwira ntchito imeneyi, koma ziyenera kudza ndi chilolezo cha wopanga mashelefuwo kapena injiniya. Musasakanizenso zitsulo za makampani osiyana. Ngowe za mtanda wa kampani ina zitha kulowa m'mabowo a mzati wanu, koma kulowa sikutanthauza kuti zagwirana monga mmene zinayesedwera.

Onani pamene chipsera chili

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Tengani pepala, mujambule mapu a nyumba yonse, mizere ndi tinjira tonse. Paliponse pamene mwapeza chilema ikani kadontho, mulembe tsiku, msinkhu wake kuchokera pansi, ndi mbali imene chitsulo chalowera. Onaninso penti yotsalira pa chipseracho, chifukwa nthawi zambiri imafanana ndi ya makina amene anagunda. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzaona kuti madonthowo sanamwazikane mwachisawawa. Amaunjikana, ndipo pamene aunjikanapo ndi pamene pali yankho.

Akaunjikana pa mizati ya kumapeto kwa mizere, m'munsi mwenimweni, vuto ndi kukhota. Forklift imakhota ndi matayala akumbuyo, choncho kumbuyo kwake kumazungulira patali, pamene maso a dalaivala ali kutsogolo pa katundu. Yezani kukula kwa kanjira, koma muyeze kuchokera pa katundu wa mbali iyi kufika pa katundu wa mbali inayo, osati mzati ndi mzati, chifukwa mapaleti amatulukira kunja kwa mizati. Nambala imene mwapezayo muifananitse ndi imene ili pa pepala la wopanga forklift. Opanga ambiri amailemba kuti Ast, ndipo ndi mpata umene makinawo amafuna kuti atembenuke ndi paleti n'kuilowetsa m'shelefu. Forklift wamba yokhala ndi cholemera kumbuyo imafuna kanjira ka pafupifupi mamita 3.5 mpaka 4. Ya mtundu wa reach truck, ija ya miyendo iwiri kutsogolo, imakwana m'kanjira ka mamita 3 kapena kucheperapo.

Funso limene anthu amaiwala kufunsa ndi ili: kodi mashelefuwa anaikidwa poganizira makina ati? Kawirikawiri mumapeza kuti tinjira tinayezedwera reach truck, kenako itawonongeka anabwereka forklift yaikulu "kwa masiku ochepa", masiku ochepawo n'kusanduka zaka. Dalaivala ngakhale akhale katswiri chotani, sangatembenuze makina ofuna mamita 4 m'kanjira ka mamita 3 tsiku ndi tsiku osagunda. Pamenepo mankhwala ndi kubwezera makina oyenera, kapena kusuntha mizere. Nthawi zina kanjira n'kokwanira, koma anthu anazolowera kusiya mapaleti pansi pakamwa pa kanjira podikira galimoto, dalaivala n'kumapanikizika pokhota. Zimenezo zimatha ndi penti ya pansi yosonyeza pamene sipaikidwa kanthu, ndi woyang'anira amene salola kuti lamulolo liphwanyidwe ngakhale tsiku lotanganidwa.

Madontho akakhala m'munsi koma pakati pa mzere, yang'anani mapaleti a pansi penipeni. Miyendo ya reach truck imafuna polowera, ndipo paleti ya pansi ikakhala mopendama kapena moyandikira mzati kwambiri, mwendo umakhula mzati polowa kapena potuluka. Jambulani pansi malo enieni a paleti iliyonse. Ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma imachepetsa zipsera zambiri.

Chipsera chikakhala m'mwamba, pafupi ndi mitanda, ndiye kuti katundu ndi wamkulu kuposa chipinda chake. Tiwerengere limodzi. Paleti ya ku Ulaya ndi mamilimita 800 m'lifupi ndi 1200 m'litali. Mtanda wa mamilimita 2700 unapangidwira mapaleti atatu otere: atatu kuchulukitsa ndi 800 ndi 2400, ndipo 300 otsalawo amagawidwa m'mipata inayi ya mamilimita 75, pakati pa paleti ndi paleti komanso pakati pa paleti ndi mzati. Mpata wa 75 umenewu ndi wochepa kale kwa munthu amene akuyang'ana mamita 6 m'mwamba. Tsono matumba akafufuma n'kutulukira mamilimita 40 mbali iliyonse ya paleti, pakati pa katundu ndi katundu sipatsalanso kanthu. Paleti yachitatu imalowa mokankha inzake, inzakeyo n'kukankha mzati. Yezani katundu mmene alili pa paleti, osati paleti yokha. Ngati katundu wanu amatulukira nthawi zonse, ikani mapaleti awiri pa chipinda m'malo mwa atatu, kapena lankhulani ndi amene amasanja katunduyo kumene akuchokera. Ndikudziwa kuti kutaya malo a paleti imodzi pa chipinda chilichonse kumawawa, koma mzere umodzi ukagwa mumataya zoposa pamenepo.

Mukapeza kuti zopindika ndi tizitsulo topingasa kapena mizati yakumbuyo, ndiye kuti mapaleti akukankhidwira m'kati mopitirira, kapena mafoloko a forklift ndi aatali kuposa paleti ndipo akubaya za kuseri. Shelefu ya mamilimita 1100 kuya kwake inapangidwa kuti paleti ya 1200 itulukire mamilimita 50 kutsogolo ndi 50 kumbuyo. Dalaivala amene amafuna kuti paleti ilingane ndi mtanda wakutsogolo, poganiza kuti ndiye kusanja bwino, amaitulutsira mamilimita 100 kumbuyo, n'kukakhudza paleti ya mzere wa kuseri. Muonetseni chifukwa chake. Mpata wa pakati pa mizere iwiri yoyang'anitsana misana umathandizanso pakabuka moto, kuti madzi a mipope ya kudenga atsike mpaka pansi, choncho usatsekedwe.

Onaninso nthawi imene zilema zimachitika. Ngati zambiri zimatulukira pambuyo pa maola amene magalimoto amadzadza pakhomo, vuto ndi phuma, ndipo phuma silichokera kwa dalaivala. Limachokera kwa amene anakonza kuti magalimoto asanu afike ola limodzi. Mababu amene anapsa m'kanjira ndi chinthu chaching'ono, koma nawo asintheni.

Amene wagunda amanena kapena amabisa?

Nkhani iyi ndimaitenga ngati yaikulu kuposa zonse zimene ndatchula. M'nyumba yosungiramo katundu imene forklift zimayenda tsiku lonse, kugunda kudzachitika ndithu, ngakhale kwa dalaivala wosamala. Chimene chimasiyanitsa malo otetezeka ndi malo oopsa ndi zimene zimachitika m'mphindi zisanu zotsatira. Ngati dalaivala akudziwa kuti akanena adulidwa malipiro kapena achotsedwa ntchito, sanena. Amayang'ana uku ndi uku, n'kuika paleti kutsogolo kwa mzati wopindikawo, n'kupitiriza ntchito. Mzati umakhala choncho masabata, utasenza matani ambiri, anzake akudutsa pansi pake osadziwa.

Ndinagwirapo ntchito pamalo ena pamene bwana ankadula malipiro aliyense wopezeka kuti wagunda shelefu. M'buku la ngozi munalibe kanthu miyezi yambiri, ndipo bwanayo ankanyadira. Tsiku limene tinatsitsa mapaleti a pansi kuti tiwerenge katundu, tinapeza mizati yopindika imene palibe anainenapo, ina itachita kale dzimbiri pa zipserazo, kusonyeza kuti zinali zakale. Buku loyera lija silinkatanthauza kuti anthu sakugunda. Linkatanthauza kuti akuopa.

Lamulo limene ndaliona likugwira ntchito n'losavuta: wogunda n'kunena nthawi yomweyo salangidwa, wogunda n'kubisa ndiye amalangidwa. Munene lamuloli pamaso pa onse, ndipo munthu woyamba kubwera kudzanena mumulandire bwino, chifukwa anzake onse akhala akuonerera kuti muchita naye chiyani. Ngati munthu mmodzi akugunda mobwerezabwereza, muphunzitseninso, muyezetseni maso, kapena mumusunthire ku ntchito ina. Komanso mufunseni. Madalaivala amadziwa kona imene imavuta, paleti za kasitomala uti zimene zimabwera zitapendekera, ndi pamene pansi panakumbika n'kumagwedeza makina. Amangosowa wowafunsa.

Zotchingira mizati

Zotchingira zimathandiza, koma zibwere pambuyo poti mwakonza gwero la vuto. Pa mizati ya m'makona ndi kumapeto kwa mizere ikani zotchingira zachitsulo zosachepera mamilimita 400 kutalika, zomangidwa pansi ndi mabawuti akeake, ndipo pakhale kampata pakati pa chotchingira ndi mzati kuti chikagundidwa chisakankhe mzatiwo. Kumbukirani zinthu ziwiri. Chotchingira chimadya malo, choncho m'kanjira kothina kale chitha kuwonjezera kugunda. Komanso chimabisa. Poyendera mashelefu, suzumirani kuseri kwake ndi tochi, ndipo chotchingira chimene chapindika kapena chazuka mabawuti chisintheni, chifukwa chagwira kale ntchito yake.

Mitanda ikawerama

Mtanda uliwonse umawerama pang'ono ukasenza katundu, ndipo zimenezo si vuto. Funso n'lakuti wawerama mochuluka bwanji. Ku Ulaya malire ake ndi kutalika kwa mtanda mukakugawa ndi 200, pamene ku America, pa muyezo wa ANSI MH16.1 wa bungwe la RMI, amagawa ndi 180. Mtanda wa mamilimita 2700 usawerame kupitirira mamilimita 13.5 pakati pake pa muyezo wa ku Ulayawo. Kokani chingwe kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena, muyeze pakati. Kenako tsitsani katundu muone ngati ukubwerera. Mtanda wabwino umawongokanso. Ukatsala wowerama kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a malire aja, ndiye mamilimita 2.7 pa chitsanzo chathuchi, unasenzetsedwa mopitirira ndipo uyenera kuchoka.

Chimene chimaweramitsa mitanda mobwerezabwereza ndi kusadziwa kulemera kwa katundu. Anthu amayerekeza ndi maso, koma paleti ya matailosi kapena mabatire ndi paleti ya makatoni opepuka zimaoneka zofanana kukula. Ikani mapaleti angapo pa sikelo, mufananitse ndi chikwangwani cha kumapeto kwa mzere. Ngati chikwangwanicho palibe, kapena chinafufutika, chimenecho ndi chilema choyamba kukonza, ndipo nambala zake zichokere kwa wopanga mashelefu, osati m'mutu mwa munthu. Dziwaninso kuti nambala ya pa chikwangwani ndi ya mitanda iwiri pamodzi, katundu atafalikira mofanana m'litali mwake. Paleti imodzi yolemera kwambiri yoikidwa pakatikati imaweramitsa mtanda kuposa kulemera komweko kutagawidwa m'mapaleti atatu. Pamene mukuyang'ana mitanda, unikaninso pamene mtanda unawotchereredwa ku ngowe zake. Mng'alu pamenepo umayamba ngati kamzere kakang'ono pa penti.

Mapaleti enieniwo nawo amanamizira mashelefu. Paleti yothyoka matabwa a pansi imatha kugwera pakati pa mitanda iwiri. Paleti ya ku Ulaya ili ndi matabwa atatu a pansi oyenda m'litali mwake, ndipo ayenera kudutsa pa mitanda yonse iwiri. Mukaitembenuza popanda zitsulo zothandizira kapena waya wa pamwamba pa mitanda, siikhala bwino. Paleti yothyoka isakwere m'mwamba. Katundu asamutsidwire pa ina ali pansi.

Mapini amene amangosowa

Pa ngowe za mtanda uliwonse pamakhala kapini kotsekera. Ntchito yake si kusenza katundu. Kamaletsa mtanda kuzuka pamene dalaivala wakweza mafoloko mopitirira n'kukankha mtanda wapamwamba kuchokera pansi. Muyezo wa ku America umafuna kuti chotsekerachi chipirire mphamvu yokankhira m'mwamba ya mapaundi 1,000, pafupifupi makilogalamu 450. Popanda pini, kukweza pang'ono chabe kumatha kuzula mtanda wosenza mapaleti atatu.

Mapini akamangosowa, kawirikawiri ndiye kuti wina akusuntha mitanda popanda chilolezo. Musaike msomali kapena waya m'malo mwake. Gulani mapini enieni a mashelefu anu, musunge ambiri m'bokosi lodziwika, ndipo mufufuze amene akusuntha mitandayo, chifukwa kumeneko kuli vuto lalikulu kuposa la pini.

Vuto lake ndi ili. Mitanda siimangosenza katundu, imagwiranso mizati kuti isakhote. Mphamvu ya mzati imadalira kwambiri mtunda wa kuchokera pansi kufika pa mtanda woyamba, ndiponso mtunda wa pakati pa mitanda. Mtunda umenewu ukatalika, mzati umasenza zochepa. Wina akachotsa mtanda wa m'munsi kuti alowetse katundu wamtali, kapena akaukweza ndi mabowo angapo, nambala ya pa chikwangwani imasanduka bodza, ngakhale palibe chitsulo chimene chapindika. Zimenezi sizioneka ndi maso, ndipo anthu abwinobwino amazichita pofuna kuthandiza. Musasunthe mtanda musanafunse wopanga kuti awerengerenso, ndipo akawerengera, chikwangwani chisinthidwe tsiku lomwelo.

Shelefu ikapendekera

Mangirirani kanthu kolemera ku chingwe, muchilendewetse kuchokera pamwamba pa mzati, muyeze kusiyana kwake pansi. Shelefu yosenza katundu isapendekere kuposa msinkhu wake mukaugawa ndi 200, ndiye mamilimita 30 pa shelefu ya mamita 6. A ku America amagwiritsa ntchito 240. Mukapeza kuti yapyola, gwadani muyang'ane phazi la mzati. Mabawuti omangira phazi ku konkire angakhale omasuka, oduka, kapena sanaikidwe n'komwe. Tizitsulo tosanjikiza pansi pa phazi tingakhale titatuluka. Konkire ingakhale itasweka mozungulira bawuti, makamaka ngati phazi lili pafupi ndi mzere wolumikizira konkire, kapena pansi ponse pakutitimira. Bawuti ikamamasuka mobwerezabwereza mutaimanga, musangoimanganso: mwina bowo lakula, kapena mzatiwo ukugundidwa pang'onopang'ono tsiku lililonse. Pansi pakamatitimira, ntchitoyo ndi ya injiniya wa zomangamanga.

Pamene mwagwadapo, onaninso dzimbiri. M'zipinda zozizira, pamalo amene amatsuka ndi madzi ambiri, kapena pamene denga limadontha, phazi la mzati limadyeka mwakachetechete. Chitsulo cha mamilimita 2 sichichedwa kutha. Likhuleni ndi sikuludiraiva. Dzimbiri likamatuluka ngati makoko, mzatiwo uyezedwe ndi katswiri.

Kuyendera, ndi kubwezera malo m'ntchito

Muyezo wa EN 15635 umafuna kuti pakhale munthu mmodzi wodziwika amene nkhani ya chitetezo cha mashelefu ili m'manja mwake, kuti mashelefu aziyenderedwa sabata iliyonse kapena pa nthawi ina yokhazikika malinga ndi kuchuluka kwa ntchito, ndiponso kuti katswiri aziwaunika onse pasanathe miyezi 12 iliyonse. Munthu wa sabata ndi sabatayo mumupatse rula, tochi, mapu aja, ndi mphamvu yotseka kanjira popanda kupempha kaye kwa wina. Popanda mphamvu imeneyo amangokhala wolemba m'buku. Sungani mizati, tizitsulo topingasa ndi mapini apadera, chifukwa chimene chimachititsa kuti malo achikasu akhale miyezi osakonzedwa nthawi zambiri ndi kudikira zitsulo.

Mzati watsopano ukaikidwa, musakweze katundu tsiku lomwelo mwaphuma. Onani kuti waima chilili, mabawuti a pansi amangidwa, tizitsulo topingasa tabwezeredwa tonse monga tinalili, mitanda yalowa m'mabowo omwe aja a poyamba mbali zonse ziwiri, ndipo pini iliyonse ili m'malo mwake. Kenako lembani pa mapu chimene mwasintha pofuna kuti usagundidwenso, kaya ndi penti ya pansi, makina ena, chotchingira, kapena mapaleti awiri m'malo mwa atatu. Malo amenewo muwayendere tsiku lililonse kwa mwezi umodzi. Mukapeza penti yasupukanso, ngakhale chitsulo chisanapindike, ndiye kuti gwero simunalipeze. Kaimeni pakona imeneyo nthawi imene magalimoto achuluka pakhomo, muonerere mmene forklift ikukhotera.